Yezani Kaye, Nati Yosakwana Musaikakamize

Moni kwa inu a paboma pa Mchinji. Moni a ku Kamwendo, a ku Waliranji, a ku Mkanda ndi a ku Kapiri. Moni inunso abale athu a kutsidya kwa malire, kuyambira pa Mwami mpaka ku Chipata. Amene muli pantchito pitirizani, koma khutu likhale kuno.

Lero tikambirana za kachitsulo kakang'ono, kokwana m'dzanja. Tikambirana za nati. Osati nati ina iliyonse ayi. Tikunena nati imene imalowa kushafuti ya makina osemera mitengo mozunguza, aja amisiri amati lathe.

Mwina wina wadabwa kale. Nthawi yonseyi ithere pa nati? Inde, pa nati. Yendani m'mashedi a akalipentala mukaone. Mupeza makina abwinobwino ataphimbidwa ndi chisaka pakona. Mota ndi yamoyo. Lamba alipo. Mwiniwake luso ali nalo. Chosowa n'chiyani? Nati imodzi yokwana. Kwina mupeza makina akulira ndithu, koma nati yake inalowetsedwa ndi hamala. Pamenepo pali ngozi imene ikungodikira tsiku.

Choncho uthenga wanga lero ndi waufupi. Yezani kaye. Nati yosakwana musaikakamize. Ndibwereza mawu amenewa kangapo, kuti pozimitsa wailesi mupite nawo kushedi.

Tiyambe ndi funso loyamba. Kodi nati imeneyi imagwira ntchito yanji?

Inu amene simunaionepo lathe, yang'anani mwendo wa tebulo kapena wa bedi wozokotedwa bwino uja. Wonenepa pamwamba, wowonda pakati, wokhala ndi timizere tozungulira. Mwendo wotero sunasemedwe ndi kasemasema. Mtengo unapanikizidwa pakati pa zitsulo ziwiri zosongoka. Mota inauzunguza. Mmisiri anagwira tchizulo chake mwamphamvu, mtengo n'kumadzisenda wokha. Pantchito ya miyendo, mtengo umagwiridwa mbali zonse ziwiri.

Koma pali ntchito ina. Mbale ya mtengo. Kamtondo kosinjira adyo ndi tsabola. Pokhalira pa situlu. Chivindikiro. Felemu yozungulira ya wotchi ya pakhoma. Zonsezi zimafuna kuti mmisiri akumbe mkati kapena asalaze kumaso. Ndiye kuti thabwa limagwiridwa mbali imodzi yokha. Limamangidwa ndi masikuluwu pa kambale kachitsulo. Kambale kameneka kamapotedwa kumapeto kwa shafuti, kumene kuli mazinga. Kambale kogula m'sitolo n'kodula, ndipo kwathu kuno sikapezeka wamba. Amisiri athu amapanga okha. Amatenga nati, amatenga chitsulo chophwatalala, amapita kwa wowotcherera. Basi, kambale kabadwa.

Mwaona tsopano? Kulemera konse kwa thabwa lozungulira kuli pa nati imeneyo. Mphamvu yonse ya mota ikudzera pa nati imeneyo. Nkhope ya mmisiri ili pafupi, ndipo chimene chikuiteteza ndi nati imeneyo.

Palinso nkhani ya ndalama. Mitengo ya mlombwa ndi mbawa ikusowa, tonse tikuona. Nkhalango ya m'mapiri a Mchinji, kumene kumachokera mtsinje wa Bua, siili monga anaisiyira makolo. Koma pansi pa benchi ya kalipentala aliyense pali zidutswa. Zambiri zimathera pamoto wophikira nyemba. Chidutswa chomwecho, chikakwera pa lathe, chimasanduka mbale yogulitsa. Mtengo sunadulidwe wina, koma ndalama yalowa. Chotsekereza pakati pa chidutswa ndi ndalama, nthawi zambiri, ndi nati.

Tipite ku funso lachiwiri. N'chifukwa chiyani nati yokwana imavuta kupeza? Kodi nati si nati basi?

Apa ndikupempheni kuti tibwerere m'mbuyo pang'ono. Kale ku Britain, fakitale iliyonse inkadula mazinga akeake. Bauti ya fakitale iyi sinkalowa mu nati ya fakitale iyo. Makina akawonongeka, mwiniwake ankabwerera kwa amene anawapanga, ngakhale kukhale kutali. Mmisiri wina wa ku Manchester, dzina lake Joseph Whitworth, anatopa nazo. Anasonkhanitsa mabauti kuchokera m'mafakitale ambiri, nawayeza. M'chaka cha 1841 anapereka muyeso umodzi woti onse atsatire. Makampani a njanji anaulandira, ndipo unafalikira kulikonse kumene kunkafika makina a Angerezi. Kuno ku Nyasaland unafikanso, nthawi imene Mchinji inkatchedwa Fort Manning ndipo Chipata inkatchedwa Fort Jameson.

Koma ku America anachita zawo. M'chaka cha 1864, William Sellers wa ku Philadelphia anapereka muyeso wina. Nawonso ankawerenga mu mainchi, koma mano a mazinga awo anali opendekeka mosiyana ndi a Whitworth. Kusiyanako n'kochepa, diso silikuona. Koma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kunavutitsa kwambiri. Maiko omenya mbali imodzi ankalephera kubwerekana zipangizo zokonzera ndege ndi magalimoto. Nkhondo itatha, pofika 1949, America, Britain ndi Canada anagwirizana pa mazinga amodzi a mainchi. Kwinaku maiko a ku Ulaya anali ndi awo a mamilimita, amene lero timati metric. Kuyambira 1965 nayo Britain inayamba kusamukira ku mamilimita.

Mbiri imeneyi ikutikhudza bwanji ife a kuno? Ikutikhudza chifukwa makina safa msanga. Lathe yopangidwa ku England nthawi ya Chitaganya ikhoza kukhala ikugwirabe ntchito lero, itachoka kusukulu ya mishoni n'kudutsa m'manja mwa amisiri angapo. Ina inabwera ndi mbale wathu wochokera ku Joni kapena ku Bulawayo. Ina ndi yatsopano ya ku China, yodzera ku Dar es Salaam kapena ku Lusaka. Ina inapangidwa pompano, ndi mnyamata wanzeru, kuchokera ku shafuti ya chigayo chakufa. Ife tili pamalire. Msewu wa Lilongwe umadutsa pakhomo pathu kupita ku Chipata. Njanji inafika ku Chipata mu 2010. Chipata chatsopano cha pamalire pa Mwami chinatsegulidwa mu 2022. Katundu amabwera kuchokera mbali zonse, ndipo aliyense amabwera ndi mazinga a kwawo.

Inu a m'malire mukudziwa bwino chinthu chimodzi. Kwacha ya Malawi ndi kwacha ya Zambia, dzina ndi limodzi, koma mphamvu ndi yosiyana. Palibe wamalonda wanzeru amene amalandira ndalama asanafunse kuti ndi kwacha iti. Mazinga alinso chimodzimodzi. Munthu akakuuzani kuti nati iyi ndi ya inchi imodzi, funsani kuti inchi imodzi ya mazinga ati.

Ndibwereze. Yezani kaye. Nati yosakwana musaikakamize.

Tsopano ndikuonetseni misampha imene imakola anthu ambiri. Mvetserani, mwina wina mwa iyi unakukolani kale.

Msampha woyamba ndi sipanala. Tinazolowera kugula nati potchula sipanala yake. Umalowa mu hadiweya n'kunena kuti, achimwene, ndipatseni nati ya 17. Wogulitsa amamva, amakupatsa. Pa njinga ndi pa wilibala zimenezi zimayenda. Koma nambala ya sipanala ikunena za kunja kwa nati. Sikunena za mkati. Nati ziwiri zikhoza kumasulidwa ndi sipanala imodzi, koma ina mazinga ake ndi othinana, ina ndi otalikirana. Shafuti ya lathe sifunsa za kunja. Imafunsa za mkati.

Msampha wachiwiri ndi soketi ya paipi ya madzi. Ma lathe ambiri a ku Ulaya ali ndi shafuti ya mamilimita 33. Paipi imene mapulambala amati ya inchi imodzi, kunenepa kwake kunja n'kofanana kwambiri ndi kumeneko. Mmisiri amayesa soketi, amaona kuti pakamwa yakhala bwino. Mtima umagunda, amati ndapeza. Koma mazinga a paipi ndi othinana, a shafuti ndi otalikirana. Soketi imalowa pang'ono n'kuima. Akaikakamiza ndi sipanala ya paipi, mazinga a shafuti amaphwanyika.

Msampha wachitatu ndi nati yotsala pang'ono kukwana. Pali ma lathe amene shafuti yake ndi inchi imodzi ndi kota, ndipo mazinga ake ndi asanu ndi atatu pa inchi. Nati wamba ya kukula komweko, ya m'sitolo, ili ndi mazinga asanu ndi awiri. Kusiyana ndi zinga limodzi lokha. Imalowa kamodzi, kawiri, kenako imalimba. Mmisiri amaganiza kuti ndi dzimbiri, amathira oyilo, amawonjezera mphamvu. Si dzimbiri ayi. Ndi nati ya kwina. Palinso nati ya inchi imodzi imene imatha kulowa pa shafuti ya mamilimita 24, koma ikugwedera. Imeneyo ndi yoopsa kuposa yolimba ija, chifukwa imanamiza kuti yakwana.

Msampha wachinayi ndi mazinga a kumanzere. Apa achimwene a kabaza atithandize. Pedulo ya kumanzere ya njinga imamasulidwa bwanji? Mobwerera, si choncho? Anaipanga dala motero kuti isamasuke popalasa. Ma lathe ena ali ndi mazinga mbali zonse ziwiri za shafuti. Mbali ya mkati ndi ya kumanja, monga bauti wamba. Mbali ya kunja, imene amasemerako mbale zazikulu, kawirikawiri ndi ya kumanzere. Nati ya kumanja siingalowe pamenepo, ngakhale kukula kukhale kofanana. Yang'anani kupendekeka kwa mazinga musanachoke panyumba.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tidekhe, tifike pa funso lachitatu. Kodi tingayeze bwanji, ife amene tilibe zida zodula?

Zofunika kudziwa ndi zitatu. Kunenepa kwa shafuti. Kutalikirana kwa mazinga. Mbali imene mazinga akulowera. Zitatu zokha.

Yambani ndi kutsuka. Zimitsani magetsi, zulani pulagi. Tengani mswachi wakutha ndi parafini pang'ono, muchotse utuchi ndi girisi wouma m'mazinga. Mazinga akuda amanamiza muyeso.

Kenako kunenepa. Ngati mnzanu wa galaja ali ndi chida chija chotchedwa vernier, bwerekani. Ngati palibe, tengani sipanala ya shifting. Itsekeni pang'onopang'ono mpaka milomo yake ikhudze nsonga za mazinga mbali zonse ziwiri. Ichotseni mosamala, osaigwedeza. Yezani mpata wa pakati pa milomoyo ndi rula yachitsulo. Werengani mbali ya mamilimita, muwerengenso mbali ya mainchi. Lembani zonse ziwiri. Musadabwe muyeso ukaperewera pang'ono pa nambala yathunthu. Mazinga amadulidwa motero, ndiponso amaperepeseka ndi zaka.

Tsopano kutalikirana kwa mazinga. Pakani oyilo wakuda pang'ono pamazinga. Tengani kapepala koyera, mukakanikize motsata utali wa shafuti. Mukakachotsa, mupeza timizere takuda tondondozana. Chimenecho ndi chidindo cha shafuti yanu. Ikani rula pamenepo. Werengani mipata imene ikukwana mu inchi imodzi. Mipata, osati mizere. Ikakwana ndendende, monga isanu ndi itatu kapena khumi ndi iwiri, shafuti yanu ndi ya mainchi. Ikapanda kukwana bwino, tembenuzani rula. Yezani mipata khumi mu mamilimita, mugawe pakhumi. Mazinga akakhala afupi, yezani mipata imene ilipo, mugawe ndi chiwerengero chake. Mwapeza kutalikirana kwa mazinga a metric. Wina amakanikiza sopo wouma kapena kathabwa kofewa ka paini m'malo mwa pepala. Zonse zimagwira.

Pomaliza, mbali. Yerekezani shafuti yanu ndi bauti wamba mutaigoneka pambali pake. Mazinga akapendekera mbali imodzi ndi a bauti ija, ndi a kumanja. Akapendekera mosemphana, ndi a kumanzere.

Mukapeza zitatuzi, musazisunge m'mutu mokha. Lembani ndi penti pathupi la makinawo. Lembaninso m'foni. Mawa mukadwala, mwana wanu kapena wophunzira wanu adzawerenga pomwepo. Mukadzagulitsa makina, wogula sadzayambanso kuvutika monga munavutikira inu.

Omvera athu, ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukambirana za nati ya kushafuti ya lathe. Tanena kuti mazinga alipo a mitundu ingapo. Tanena kuti yezani kaye, ndipo nati yosakwana musaikakamize. Tsopano funso lachinayi. Kodi nati yokwana tikaipeza kuti?

Yambani pafupi. Mahadiweya a paboma ndi a pa Kamwendo mwina alibe nati zikuluzikulu, koma funsani. Safunsa anadya phula. Funsani amakanika a zigayo. Funsani okonza mathirakitala a m'maesiteti a fodya. Funsani okonza malole ndi opanga ngolo. Anthu amenewa amasunga zitini zodzaza ndi nati zakale, ndipo zambiri ndi za mainchi, zimene masitolo atsopano sasunganso. Musanyoze mulu wa zitsulo zakutha. Nati ya Whitworth imene mukuisowa ikhoza kukhala pansi pa mulu umenewo.

Zikakanika pafupi, pali Lilongwe, kumasitolo a mumsewu wa Malangalanga ndi kumakampani a ku Kanengo. Palinso Chipata, ku Down Shops. Koma musakwere minibasi chimanjamanja. Tengani kapepala ka chidindo kaja. Ngati muli ndi kambale kakale kokwana bwino, katengeni, mukayesere bauti m'sitolomo. Bauti imene yalowa bwino m'kambale kanu, nati yake ndi imene mukufuna. Ngati shafuti imatheka kuchotsa, itengeni yomweyo, mutakulunga mazinga ndi chiguduli. Ndalama ya ulendo wachiwiri imaposa mtengo wa nati.

Mukafika, lankhulani momveka. Musanene kuti, bwana, ndikufuna nati yaikulu. Nenani kuti, bwana, shafuti yanga ndi yonenepa mwakuti, mazinga ake ndi otalikirana mwakuti, ndipo ndi a kumanja. Wogulitsa akati, madala, tengani iyi, ikalowa ndi mphamvu pang'ono, inu muyankhe mwaulemu kuti zikomo, koma ayi.

Nati yokwana imadziwika bwanji? Imalowa ndi zala. Ndibwereze, imalowa ndi zala, kuyambira poyamba mpaka kukagunda paphewa la shafuti. Siifuna hamala. Siifuna paipi yowonjezera pa sipanala. Ndipo ikalowa theka, mukaigwedeza, siichita gwedegwede.

Nanga ikasowa konse? Musataye mtima. Nati imadulidwa. Amisiri a makina osemera zitsulo, amene amakonza mashafuti a zigayo ndi a mapampu, amatha kudula mazinga a mtundu uliwonse akapatsidwa muyeso woona. Sukulu za ntchito zamanja zilinso ndi aphunzitsi odziwa kuyeza. Pafupi nafe pali Namitete Technical College, panjira ya ku Lilongwe. Kufunsa nzeru kumalo otero si manyazi. Ndipo mukapeza wodula, dulitsani zingapo nthawi imodzi. Kutchera makina ndiye kumadya nthawi. Nati yachiwiri ndi yachitatu zimatuluka msanga.

Tafika pa funso lachisanu, ndipo limeneli ndi la moyo. Nati yapezeka. Kodi tiimange bwanji kuti isativulaze?

Inu achimwene owotcherera, gawo ili ndi lanu. Choyamba, musawotcherere nati ili pa shafuti ya makina. Moto wa magetsi umadutsa m'mabering'i n'kuwawononga, ndipo kutentha kumatha kupinda shafuti. Chachiwiri, lowetsani bauti yakutha ya mazinga omwewo mu nati powotcherera, kuti tizitsulo tothetheka tisamatirire m'mazinga. Chachitatu, musawotcherere mbali imodzi yonse nthawi imodzi. Dontho apa, dontho kutsidya, dontho apa, dontho kutsidya. Chitsulo chikatentha mbali imodzi chimakoka, ndipo kambale kamatuluka kopendekeka. Nati ikakhala yonyezimira, yokutidwa ndi zinki, palani kaye pamalo owotcherera, ndipo gwirani ntchitoyo panja. Utsi wake umadwalitsa.

Inu amisiri a matabwa, kumbukirani phewa la shafuti. Mazinga amakoka, koma chimene chimawongola kambale ndi phewa lija limene nati imakagundapo. Nkhope ya nati yogunda pamenepo ikhale yosalala. Nati ikaima isanafike paphewa, ikani washala yosalala bwino yotseka mpatawo. Nati ikapanda kugunda, kambale kamavina, ndipo mbale yanu idzatuluka yonenepa mbali imodzi.

Ngakhale wowotcherera akhale katswiri, kambale kopanga pamanja sikawongoka kotheratu. Mankhwala ake ndi apafupi. Mangani kathabwa kolimba pamaso pa kambaleko, mukazunguze pa lathe yanu, mukasalaze ndi tchizulo. Nkhope yatsopanoyo ndi yowongoka molingana ndi makina anu. Ndipo pomanga thabwa gwiritsani ntchito masikuluwu olimba, okwanira mabowo onse. Misomali ayi. Msomali umazuka.

Onaninso mbali imene mota ikuzungulira. Pa lathe, pamwamba pa thabwa pamabwera kwa inu. Ikazungulira motero, mazinga a kumanja amadzimanga okha pamene mukusema. Waya akalumikizidwa mosemphana, mota n'kumazungulira chobwerera, kambale kamadzimasula kokha. Thabwa lolemera limachoka likuzungulira. Silisankha kopita. Pashedi pamakhala ana odzatola utuchi. Pamakhala mayi wodzafunsa za bedi lake. Choncho poyatsa koyamba, imani pambali. Onetsetsani kuti kutsogolo kulibe munthu. Yambani ndi liwiro lochepa, makamaka thabwa likakhala lalikulu. Maso atetezeni ndi magalasi. Mukamva kugogoda kwachilendo, zimitsani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsopano ndilankhule ndi inu achinyamata amene mukufuna kupanga lathe yanuyanu. Ndimakunyadirani. Mota yakale, mapule awiri, lamba, mabering'i, shafuti ndi zitsulo za felemu, makina atheka. Koma tamverani langizo ili. Gulani nati kaye, shafuti pambuyo. Pitani m'sitolo ya pafupi, muone nati yaikulu imene imapezeka nthawi zonse. Gulani zingapo. Kenako pitani nazo kwa wodula mazinga, mumuuze kuti adule shafuti molingana ndi nati zimenezi. Mukatero, tsiku lililonse mukafuna kambale kena, nati ili pakhomo. Ambiri amachita mosemphana. Amatola shafuti ya mazinga achilendo chifukwa ndi yotchipa, kenako amatha miyezi akusaka nati yake. Nkhanga zinapangana kusanapse. Panganani ndi nati yanu makina asanabadwe.

Chimodzimodzi inu amene mukugula makina akale, kaya ku Lilongwe, kaya kutsidya. Musangomvera kulira kwa mota. Funsani kuti kambale kake kali kuti. Kayeseni pamaso pa wogulitsa. Yang'anani mazinga a shafuti ngati sanaphwanyike. Makina opanda kambale, a mazinga osadziwika, mtengo wake utsike.

Ndili ndi pempho kwa eni mahadiweya a m'boma lino. Sungani kachida koyezera mazinga pakauntala. N'kotchipa, kali ndi timasamba ta mano osiyanasiyana, ndipo kamayankha funso m'kamphindi. Phunzitsani anyamata anu kusiyanitsa nati ya mainchi ndi ya mamilimita. Musaziphatikize m'bokosi limodzi. Kasitomala amene mwamuuza zoona kuti yokwana palibe adzabweranso mawa. Amene mwamugulitsa yolakwika adzauza anzake onse.

Kwa aphunzitsi a ntchito zamanja, ndi kwa a TEVETA amene akhala akuyang'anira maphunziro amenewa kuyambira 1999, pempho langa ndi lomweli. Wophunzira ukalipentala asatuluke akudziwa kupala ndi kulumikiza matabwa kokha. Adziwenso kuyeza bauti ya makina amene adzamudyetse. Ndipo inu amisiri akuluakulu, amene mwasunga nzeru izi zaka zambiri, musapite nazo kumanda. Muonetseni wophunzira wanu kapepala ka oyilo kaja. Amisiri a pamsika umodzi mukhozanso kusonkherana, n'kugula vernier imodzi yoti muzibwerekana. Mutu umodzi susenza denga.

Nthawi yatha, tiyeni timange mtolo. Nati ya kushafuti ya lathe ndi imene imanyamula thabwa ndi kuteteza nkhope yanu. Mazinga alipo a mitundu ingapo, ndipo kuno kumalire yonse imakumana. Musagule potchula sipanala. Dziwani kunenepa, dziwani kutalikirana, dziwani mbali. Lembani pamakina. Pitani kusitolo ndi muyeso m'thumba. Nati yokwana imalowa ndi zala mpaka paphewa. Ikasowa, kadulitseni. Ndipo popanga makina atsopano, nati iyambe, shafuti itsatire.

Mawa m'mawa, musanayatse mota, tengani rula ndi kapepala. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Mukamaliza, kauzeni mnzanu wa shedi yoyandikana nayo kuti nayenso achite chimodzimodzi. Yezani kaye. Nati yosakwana musaikakamize.

Mugwire ntchito bwino, mubwerere kunyumba ndi maso onse awiri ndi zala zonse khumi.